Kalabu ya Tisitima Imene Inalera Akatswiri a Kompyuta

Munthu wamkulu wa ndebvu zake atagwada pansi nayamba kuyendetsa kasitima konga ka ana, ambiri a ife tingayang'anane, ena n'kunong'onezana kuti bamboyo mutu wayamba kumuzungulira. Komatu ku Ulaya ndi ku America kuli anthu zikwizikwi, madokotala, aphunzitsi, amakanika ndi ena opuma pa nchito, amene madzulo amasonkhana m'makalabu ao kumanga tinjanji ndi kuyendetsapo tisitima ta magetsi. Kalabu ya ku London, imene imadziwika kuti ndiyo yakale pa makalabu onse otere, inayamba mu 1910. Imene tikambirane mwezi uno ndi ina, yochedwa Tech Model Railroad Club, mwacidule TMRC. Inayamba ngati kagulu wamba ka ophunzira okonda sitima, koma m'cipinda cake ca matabwa munatuluka anyamata amene anasintha m'mene anthu amagwiritsira nchito kompyuta, ndipo liu lija lakuti hacker, limene timalimva pa wailesi masiku ano, linakulira momwemo.

Kalabuyi ndi ya pa sukulu ya ukacenjede ya Massachusetts Institute of Technology, imene anthu amangoichula kuti MIT. Sukuluyi ili mumzinda wa Cambridge, m'mbali mwa mtsinje wa Charles moyang'anana ndi Boston, ku United States. Inu amene munalemba mayeso a Cambridge musasokonezeke ai: Cambridge wa mayeso uja ali ku England, uyu anangotengako dzina.

Tisanapite patali timvetsetse kuti tisitima timeneti si tidole togula m'sitolo n'kupatsa mwana pa Khirisimasi. Ndi zifaniziro za sitima zenizeni, zocepetsedwa pa muyeso wokhazikika, kotero kuti gudumu, citseko, nyali ndi cumuni zonse zimacepa mofanana. Muyeso umene kalabuyi inasankha umachedwa HO, ndipo pa muyeso umenewu cinthu ciliconse cimacepetsedwa ka 87. Mwamuna wa msinkhu wabwino amasanduka kamunthu ka masentimita 2. Mutu wa sitima wa mamita 20 umatalika masentimita 23 okha, wonyamula ndi dzanja limodzi. Njanji za ku America, zimene zitsulo zake ziwiri zimatalikirana mamilimita 1,435, zimasanduka kanjanji ka mamilimita 16.5. Njanji zathu za m'Zambia n'zocepako m'mimba mwake, mamilimita 1,067, ndipo wofuna kufanizira sitima ya ku Livingstone kapena ya TAZARA pa muyeso womwewo amafunika kanjanji ka mamilimita 12.

Tsono onani pamene pagona cifukwa cokhalira ndi kalabu. Ngakhale mutacepetsa ka 87, kilomita imodzi ya njanji imafunabe mamita 11 ndi theka. Ndani ali ndi cipinda cotere m'nyumba mwake, copanda bedi, copanda ana othamangamo? Onjezanipo mapiri, milatho, masiteshoni ndi nyumba za m'tauni, zonse zopanga ndi manja, ndiponso ndalama za matabwa ndi mawaya. Mutu umodzi susenza denga. Wokonda tisitima akafuna njanji yooneka ngati njanji, osati yongozungulira pa thebulo monga galu wothamangitsa mcira wake, ayenera kufuna anzake.

Nyumba imene inayenera kugwetsedwa

Kalabuyi inabadwa mu 1946, caka cimodzi nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha. Pa nthawiyo masukulu akuluakulu a ku America anadzaza ndi anyamata obwera ku nkhondo, pakuti mu 1944 boma linakhazikitsa lamulo lolipirira maphunziro a asilikali akale. Oyambitsa ake anali John Fitzallen Moore ndi Walter Marvin, ndipo makhadi ao a umembala anali nambala 0 ndi nambala 1. Kuyamba kuwerenga pa 0 m'malo mwa 1 ndi cizolowezi cimene lero cimadziwika ndi anthu a makompyuta, koma apa cinaoneka kalabuyo isanaonepo kompyuta ndi maso.

Patapita kanthawi akulu a sukulu anawapatsa malo m'nyumba yochedwa Building 20. Nyumbayi siinapatsidwe dzina lina koma nambala yokhayo. Inamangidwa mofulumira mu 1943, ndi matabwa, kuti akatswiri ofufuza za radar, makina oonera ndege zikali kutali, apeze pogwirira nchito. Pangano linali lakuti nkhondo ikatha ikhale miyezi 6 yokha, kenaka igwetsedwe. Koma nkhondo itatha ophunzira anaculuka, malo anasowa, ndipo nyumba ya kanthawi ija inakhala zaka 55. Inali ya nsanjika zitatu, yotentha m'cilimwe, yozizira m'nyengo ya cisanu, ndipo mlendo anali kusocera m'makonde ake.

Kuipa kwa nyumbayo ndiko kunali mwai wake. M'nyumba yokongola ya miyala munthu sangakhome msomali asanalembe kalata ku ofesi. Mu Building 20 aliyense anali kuboola khoma pamene wafuna, nakoka waya kucokera cipinda cina kufika cina, popanda womufunsa. Katswiri wina, Jerrold Zacharias, anacita kucotsa pansi pa nsanjika kuti makina ake a wochi ya atomu akwanemo. Noam Chomsky, wochuka pa maphunziro a zinenero, anali ndi ofesi m'menemo zaka zambiri. Pakati pa anthu otere, m'cipinda 20E-214, ndi m'mene munali njanji ya anyamata aja. Ndikhulupirira kuti akadapatsidwa cipinda copolisha bwino, ca makatani ndi malamulo opacika pa citseko, kalabuyo siikadakula monga inakulira. Njanji yao anaipatsa dzina ngati kampani yeniyeni, Tech Nickel Plate, ndipo caka ndi caka inanka nikula kufikira inadzaza pafupifupi cipinda conse.

Apamwamba ndi apansi pa thebulo

Monga zimakhalira m'gulu lililonse, mamembala sanakonde cinthu cimodzi. Ena anali a kampeni ndi burashi. Awa ndiwo anali kusema tinyumba, kupenta mabogi, kumata timitengo ndi udzu, nawerenga magazini a njanji kuti cizindikiro ciliconse cikhale monga ciliri pa sitima yeniyeni. Nthawi zina anali kukonza maulendo okakwera sitima zakale. Ena anali a komiti ya zizindikiro ndi magetsi, yochedwa Signals and Power. Awa mlendo sakadawaona msanga, pakuti nthawi zambiri anali kugona cagada pansi pa thebulo, miyendo yokha ili kunja, akulumikiza mawaya. Kwa iwo phiri lopentedwa bwino linali cabe denga la malo ao a nchito.

Bvuto limene linawagoneka pansi pa thebulo ndi ili. Kasitima ka magetsi kalibe woyendetsa mkati. Magetsi amadzera m'zitsulo ziwiri za kanjanji, nalowa m'magudumu, nazungulitsa kainjini kali m'mutu mwake. Mukaonjeza mphamvu ya magetsi kamathamanga, mukacepetsa kamayenda pang'onopang'ono, mukatembenuza mbali imene magetsi akulowera kamabwerera m'mbuyo. Kasitima kakakhala kamodzi zonse zili bwino. Ikanipo kaciwiri pa njanji yomweyo, tonse tiwiri tidzamvera lamulo limodzi: mukafuna kuimitsa aka, akonso kaima. Nanga anthu asanu, aliyense ndi sitima yake, angayendetse bwanji nthawi imodzi popanda kugundana?

Ciyambi ca yankho cinacokera ku njanji zenizeni. Kuyambira kale a njanji amagawa msewu wao m'zigawo, ndi lamulo lakuti m'cigawo cimodzi musakhale sitima ziwiri. Nyali yofiira imaimitsa yobwera m'mbuyo kufikira yapatsogolo itatuluka. Anthu a tisitima nawonso amadula kanjanji kao m'zigawo zambiri zosapatsana magetsi. Cotsala ndi cakuti cigawo ciliconse cilumikizidwe kwa munthu amene sitima yake yalowamo, ndipo sitimayo ikatuluka cimasulidwe kuti wina acigwiritse nchito. M'makalabu ambiri izi anali kucita ndi manja, munthu akutembenuza maswichi uku maso ali pa sitima yake. Anyamata a TMRC anafuna kuti zizicitika zokha.

Apa ndi pamene anazindikira kuti anthu a telefoni anali atathetsa kale bvuto lofanana ndi lao. Munthu akaimba lamya, makina a ku ekisichenji amafunafuna njira yopanda munthu, namulumikiza kwa uyo yekha amene akumufuna pakati pa anthu zikwi, ndipo akatha kulankhula njirayo imamasulidwa. Kulumikiza woyendetsa ndi cigawo ca njanji ndi nchito yomweyo. Makina a telefoni a masiku amenewo anali kuyendera tizipangizo tochedwa relay. Kacipangizoka n'kosabvuta kukamvetsa: ndi kacitsulo kokulungidwa ndi waya, kamene kamasanduka maginito magetsi akadutsa m'wayamo, nikakoka kalilime ka citsulo kuti kakhudze kanzake ndi kutsegulira magetsi njira ina. Mukalumikiza marelay ambiri mwanzeru, amayamba kuyankha mafunso. Kodi cigawo ca kutsogolo cili ndi sitima? Kodi mphambano yaloza kuti? Ngati njira ili yoyera, magetsi apite. Ngati siili yoyera, sitima iime. Wodziwa kompyuta waona kale kuti umu ndi m'mene pulogalamu imaganizira, kungoti apa maganizowo anali omangidwa ndi waya ndi mtobvu.

Zipangizozo sanataye nazo ndalama zambiri. Mphunzitsi amene anali mlangizi wa kalabu ndiye anali kuyang'aniranso matelefoni a pa sukulupo, ndipo kudzera mwa iye katundu wambiri wa kampani ya Western Electric, yopanga zida za telefoni, anafika ku kalabu ngati mphatso. Zina anali kukazigula pa mtengo wozizira ku malo ogulitsa zitsulo zakale a Eli Heffron ku Somerville, tauni yoyandikana ndi Cambridge. Pofika 1962 makina ao anali ndi marelay pafupifupi 1,200, ndipo conseco anali kungocichula kuti System, ngati kuti pa dziko palibenso cina. Woyendetsa anali kuzungulitsa kagudumu ka manambala ka telefoni kuuza System pamene pali sitima yake, ndipo kucokera apo System inali kumutsegulira zigawo yokha. M'cipindamo anamwazamo maswichi a ngozi, kuti aliyense woona sitima zili pafupi kugundana adule magetsi onse nthawi imodzi. Wina akadina swichi yotere, wochi ya manambala ya pa khoma, imenenso anaipanga okha ndi marelay, inali kuleka kuonetsa nthawi n'kulemba liu lakuti FOO.

Lamulo lina la kalabu linali lakuti munthu akagwira nchito maola 40 pa njanji apatsidwe kiyi wake wa cipinda. Sanali kufunsa kuti ali m'caka canji ca maphunziro kapena anakhoza bwanji mayeso. Anali kuyang'ana nchito ya manja ake. Wokhala ndi kiyi anali kulowa nthawi iliyonse, ndipo ambiri anali kucezera momwemo mpaka mbandakuca. System siinali kutha kumangidwa. Lero igwira bwino, mawa wina wapeza njira yanzeru koposa, wamasula mawaya a mnzake n'kuyambanso, ndipo nthawi zina zonse zinali kuima cifukwa ca kukonza komweko.

Anthu okhalira limodzi usiku ndi usana amayamba cinenero caocao. Mu 1959 Peter Samson, mnyamata wa ku Lowell amene analowa MIT mu 1958, analemba mwanthabwala kabuku komasulira mau a m'kalabu. Zinyalala ndi zotsalira zopanda nchito anali kuziti cruft. Kuononga cinthu anali kuti mung. Liu lija la pa wochi, foo, linali kupezeka kale m'zithunzi zoseketsa za m'manyuzipepala a m'ma 1930, ndipo mpaka lero olemba mapulogalamu amaligwiritsa nchito ngati dzina la cinthu ciliconse, monga ife timanenera kuti uje kapena cakuti. Liu la hack linalipo kale pa MIT ponena za nthabwala zocita mocenjera, koma m'kalabu linatanthauza nchito imene munthu waicita mwaluso cifukwa cokondwera nayo, osati cifukwa mphunzitsi walamula. Woicita ndiye anali hacker, ndipo linali dzina la ulemu.

Kucoka pa njanji kunka ku kompyuta

M'zaka zimenezo MIT inali ndi kompyuta yaikulu, IBM 704, yodzaza cipinda conse. Wophunzira wamba sanali kuloledwa kuikhudza. Anali kuboola makhadi, nawapereka kwa anchito osankhidwa, nadikira maola ambiri kuti alandire yankho, ndipo kacilembo kamodzi kakalakwika anali kuyambanso. Kwa anyamata ozolowera kugwira waya ndi manja ao n'kuona pomwepo ngati sitima yayenda, uku kunali ngati kudyetsedwa nsima ndi dzanja la munthu wina.

Zinthu zinasintha mu 1958 pamene Lincoln Laboratory inabwereketsa sukuluyi kompyuta yoyeserera yochedwa TX-0, imodzi mwa zoyamba kugwiritsa nchito matransistor. Inali ndi kagalasi konga ka wailesi ya kanema ndi makina otaipira, kotero kuti munthu anali kukhala patsogolo pake n'kuiuza zocita, iyo n'kuyankha nthawi yomweyo. Mmodzi mwa oiyang'anira, Jack Dennis, anali membala wakale wa kalabu ya tisitima, ndipo mu 1959 anaitana anzake a pansi pa thebulo kuti adzaione. Samson, Alan Kotok, Bob Saunders ndi ena anapita, ndipo kuyambira tsikulo mitima yao inagawika pawiri. Masana makinawo anali a ofufuza akuluakulu. Anyamatawo anatembenuza tulo tao, namagona masana kuti apeze maola a pakati pa usiku, ndipo wina akalephera kufika pa nthawi imene analembetsa, iwo anali kulumphirapo.

Cimene cinawapatsa liwiro sicinali nzeru za m'kalasi zokha. Anali atazolowera kale kuganiza kuti pakacitika ici pacitike ico, kufufuza colakwika cimodzi pakati pa mawaya cikwi, ndi kusiya nchito yao poyera kuti wobwera pambuyo aikonze. Mwambo wa m'kalabu anausamutsa wonse. Mapulogalamu ao, osungidwa pa timalamba ta pepala tobooleza, anali kuwasiya m'dirowa pafupi ndi makina kuti aliyense atenge ndi kuonjezapo zake. Samson anaphunzitsa TX-0 kuimba nyimbo za Bach. Kotok ndi anzake, motsogozedwa ndi mphunzitsi John McCarthy, anayamba pulogalamu yosewera chess pa makina a IBM, imene inatsirizidwa mu 1962.

Mu 1961 kampani ya Digital Equipment Corporation, mwacidule DEC, inapatsa MIT kompyuta yatsopano ya PDP-1, imene mtengo wake unali madola 120,000. Anyamatawo sanakhutire ndi pulogalamu yomasulira malamulo imene inabwera ndi makinawo, ndipo asanu ndi mmodzi a iwo analemba yao pa mapeto a sabata limodzi. Anayamba Lacisanu madzulo; Lolemba m'mawa inali ikugwira nchito.

Pa makina amenewo ndi pamene panabadwira Spacewar!, amodzi mwa masewera oyamba a pa kompyuta, mu 1962. Zombo ziwiri za m'mlengalenga zimathamangitsana ndi kuomberana mozungulira nyenyezi imene imazikoka. Amene analonjeza kulemba masewerawo, Steve Russell, anazengereza nthawi yaitali, akunena kuti akusowa timapulogalamu ta masamu towerengera kakhotedwe ka zombo. Kotok anapita ku DEC, nakatitenga, nadzamuikira patsogolo, ndipo cowiringula cinatha. Samson sanakondwere ndi nyenyezi zongomwaza mwacisawawa pa kagalasi, nalemba pulogalamu yoika nyenyezi zenizeni za kumwamba, iliyonse pamalo pake. Popeza kusewera ndi maswichi a pa makina kunali kotopetsa mikono, Kotok ndi Saunders anapita ku cipinda ca kalabu, natola timatabwa, mawaya ndi maswichi, napanga timabokosi togwira m'manja. Mwana amene lero amasewera mpira pa kanema atagwira kabokosi ka mabatani wagwira mdzukulu wa timabokosi timeneto.

Zimene zinatayika panjira

Kukula kumeneku kunalipiridwa, ndipo woyamba kulipira inali kalabu yomwe. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Anyamata aluso kwambiri pa magetsi anayamba kuoneka kawirikawiri ku cipinda ca kompyuta kuposa ku njanji, ndipo m'zaka za m'ma 1960 ambiri anatsatira makina atsopano ku labotale ya MIT yofufuza za makina oganiza. Kwa ena kalabu inasanduka khomo longodutsapo. Mabuku a mbiri ya kompyuta amatamanda a pansi pa thebulo okhaokha, ndipo apa sindigwirizana nao kwenikweni. Pakadapanda a kampeni ndi burashi, amene anatsala namasema milatho yao, sipakadakhala njanji yofuna marelay 1,200, ndiponso sipakadakhala cokopa wophunzira watsopano kuti alowe m'cipindamo n'kusuzumira pansi pa thebulo.

Ena analipira ndi maphunziro ao. Richard Greenblatt analowa MIT mu 1962, nalowa kalabu, ndipo posakhalitsa mtima wake unakodwa ndi kompyuta. Anali kucezera pa makina mpaka kuphonya makalasi, ndipo m'caka cake cacitatu analephera kupitiriza sukulu. Munthu yemweyo ndiye analemba Mac Hack, pulogalamu yoyamba kusewera chess pa mpikisano wa anthu mu 1967, ndipo pambuyo pake anatsogolera kupanga makompyuta a mtundu watsopano ochedwa Lisp machine. Makolo owerenga izi asafulumire kuomba m'manja. Greenblatt anali ndi luso losowa, ndipo labotale ya pa sukulu yomweyo inadzamulemba nchito ngakhale analibe digiri. Si aliyense wosiya kalasi amene amagwera pofewa cotere.

Komabe sitima sanaziiwale. Kotok, atalowa nchito ku DEC kumene anakhala mmodzi wa okonza makompyuta a PDP-6 ndi PDP-10, anatsogolera kumanga System yaciwiri ya kalabu pakati pa zaka za m'ma 1960, pogwiritsa nchito makina a telefoni a mtundu wa crossbar. M'zaka zake zomaliza anagwira nchito ku bungwe la World Wide Web Consortium, loika miyezo ya masamba a pa intaneti, kufikira imfa yake mu 2006. Samson naye mu 1966 ndi 1967 anatsogolera anzake kuyesa kuyenda njanji zonse za pansi pa nthaka za mumzinda wa New York pa nthawi yocepa koposa. Pa ulendo wa 1967 kompyuta ya ku MIT ndiyo inali kuwerengera njira, anthu akuiuza pa telefoni m'mene sitima zikuyendera. Ca m'ma 1970 DEC inapatsa kalabu makompyuta a PDP-11, kotero kuti makina amene anaba mamembala anadzayamba kugwira nchito pa njanji yomweyo.

Dziko linamva za kalabuyi mu 1984, pamene mtolankhani Steven Levy anatulutsa buku lake lochedwa Hackers, limene mutu wake woyamba ukamba za TMRC. Koma pa nthawi yomweyo liu la hacker linali litayamba kununkha. Manyuzipepala ndi mawailesi anayamba kuligwiritsa nchito ponena za othyola makompyuta a mabanki ndi a boma, ndipo tanthauzo limeneli ndilo linafika kwa ife. Kalabu inalikana poyera, ikunena kuti kwa iyo hacker ndi mmisiri wopeza njira yanzeru, osati mbala. Kunena zoona, anyamata a masiku oyambawo sanali ofatsa onse. Ena anali kutsegula maloko a zipinda zokhoma ndi kusewera ndi matelefoni popanda cilolezo. Koma njala yao inali ya kudziwa m'mene cinthu cimagwirira nchito, osati ya ndalama za munthu.

Kuphwasula ndi kumanganso

Nyumba ya kanthawi ija inafika pa mapeto ake. Mu 1997 kalabu inasamukira ku nyumba ina yochedwa N52, m'mene pa nthawiyo munalinso malo osungiramo zakale a MIT, ndipo mu 1998 Building 20 inagwetsedwa. Pamalo pake panamangidwa Stata Center, yotsegulidwa mu 2004, imene inalandira labotale ya sayansi ya kompyuta ndi makina oganiza. Njanji yomangidwa pang'onopang'ono kwa zaka pafupifupi 50 siinyamulika ngati mpando. Inali itatenga maonekedwe a cipinda cimene inakuliramo, ndipo mbali yaikulu anaiphwasula. Ganizani za munthu amene anatha miyezi akusema siteshoni imodzi, kenaka n'kuona sowo ikudutsapo. Kalabu ya tisitima ikataya cipinda imakhala pa ngozi yeniyeni ya kufa, pakuti cuma cake conse ndi cokhomera pansi.

TMRC inayambanso pa bwalo lopanda kanthu. Njanji yatsopano anaikonza kuti ionetse America wa m'zaka za m'ma 1950, nthawi imene sitima za malasha ndi za dizilo zinali kuyendera limodzi, kotero kuti wokonda utsi ndi wokonda dizilo onse apeze cao. Pa nthawiyi bvuto lakale lija la sitima zambiri pa njanji imodzi linali litapeza yankho la m'sitolo, pakuti kuyambira m'ma 1990 kunabwera tizipangizo toika m'mutu wa kasitima kalikonse kuti kazimva malamulo akeake. Anyamata a kalabuyi anamangabe System yaoyao, yacitatu. Marelay a telefoni anapuma, ndipo m'malo mwake munalowa timakompyuta tating'ono pafupifupi 40, tomvera kompyuta imodzi yoyendera Linux. Mwambo woitana anthu a mumzinda kudzaona sitima zikuyenda unapitirira ku malo atsopanowo.

Pa njanji yatsopanoyo anaimikapo cifaniziro ca Green Building, nyumba yaitali ya pa MIT, naika tinyali m'mazenera ake. Tinyalito anatilumikiza mwa njira yakuti munthu wodutsa kunja kwa cipinda, poyang'anira pa galasi, athe kusewerapo Tetris, masewera a tinjerwa togwa kucokera pamwamba. Mu Epulo 2012 ophunzira ena a pa sukuluyi anacita zomwezo pa Green Building yeniyeni. Anaika nyali za mitundumitundu m'mazenera 153, ndipo usiku anthu a kutsidya kwa mtsinje wa Charles, ku Boston, anaona tinjerwa ta kuwala tikutsika pa khoma la nyumbayo.